Mmene mungathandizire m'bale wanu wa mowa kapena chamba amene ali m'ndende

Funso ili limabwera pafupipafupi, pena kwa mayi ake pena mkazi wake pena amalume, ndipo mawu ake amakhala omwewo: mwana wathu anamangidwa, zonse zinayamba ndi mowa kaya chamba, nanga poti ali mkatimo titani kuti adzatuluke atasiya? Ine ndimayenda ndi gulu la mpingo limene limakacheza ndi akaidi kuno ku Thyolo komanso ku Mulanje, nde nambala yanga inafalikira, ndipo kuyankha munthu mmodzimmodzi pa WhatsApp kwanditopetsa. Bola ndilembe kamodzi muzingotumizirana.

Musanayambe kuwerenga manambalawa chotsani kaye maganizo akuti ndende imasiyitsa mowa. Timakonda kunena kuti asiyeni akakhaule konko adzabwera mutu utawongoka. Munthu amene sakumwa chifukwa mowa kulibe sanasiye ayi, akungodikira. Zili ngati bulugamu wa ku esiteti, mukadula osazula chitsa mvula ikangogwa chaphukanso.

1. Masiku anayi oyamba, thamangani

Apa nde pamene munthu angafe inu muli kalikiliki kusaka ndalama ya belo. Munthu amene amamwa tsiku ndi tsiku, makamaka kachasu kapena timabotolo totchipa tija, uja amadzuka manja akunjenjemera mpaka atamwako kaye pang'ono, thupi lake linazolowera kuyenda ndi mowa. Mowawo ukaduka mwadzidzidzi, pakapita maola 6 mpaka 24 amayamba thukuta, kusanza, mtima kuthamanga, tulo osabwera. M'masiku awiri oyambawo ena amagwa nkumaphupha ngati wakhunyu. Kuyambira tsiku lachiwiri mpaka lachinayi nde poopsa kwambiri: amabwebweta, amaona njoka ndi tizilombo pakhoma, thupi kutentha, osadziwa kumene ali. Awa si matsire, ndipo si ziwanda. Ndi matenda ndipo amapha ngati salandira thandizo.

Tsono onani kuti masiku amenewa ndi omwe munthu amakhala m'chitokosi cha apolisi kudikira khoti, kapena wangolowa kumene pa limandi, kumene palibe amene amamudziwa. Akayamba kukuwa usiku anzake a m'selo amamuthira makofi kuti agone, ena amati akunamizira misala kuti athawe mlandu.

Chochita chanu: pitani tsiku lomwelo, uzani wapolisi amene akugwira mlanduwo, ndipo ngati wapita kale kundende pemphani kuti uthenga ufike kwa achipatala a kumeneko. Nenani zinthu zinayi: amamwa mowa wanji, wochuluka bwanji patsiku, anamwa komaliza liti, ndipo ngati anagwapo kale kapena kubwebweta atasiya. Musachepetse chifukwa cha manyazi. Kumwa mowa pakokha si mlandu, simukumuonjezera kanthu. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limanena kuti munthu womangidwa ali ndi ufulu wolandira thandizo la chipatala boma likulipira, komanso woonedwa ndi abale ake ndi abusa ake, nde simukupempha chifundo, koma lankhulani mwaulemu ndithu. Kuchipatala amapereka diazepam kwa masiku ochepa nkumachepetsa pang'onopang'ono, vitamini B1 amene amati thiamine, ndi madzi ngati wauma.

Osagula diazepam nokha nkubisa mu nsima. Osathira kachasu m'botolo la thobwa kuti "angotsitsa kunjenjemera". Mukagwidwa pageti mulowa nanunso, ndipo mankhwalawo akaphatikizana ndi mowa munthu amatha kugona osadzuka.

Chamba ndi nkhani ina. Akachisiya amapsa mtima msanga, sadya, sagona, amalota maloto oopsa, sabata yoyamba imavuta ndipo pakatha masabata awiri zambiri zimazizira ngakhale tulo timachedwerapo. Koma kusiya chamba sikupha. Nde palibe chifukwa chothamangira pa kauntala ya apolisi kukanena kuti amasuta, poti kupezeka ndi chamba ndi mlandu. Lamulo la chamba la 2020 lija linaloleza okhawo olima ndi chiphaso cha mankhwala ndi mafakitale, osati osuta. Za chambazo uzani achipatala.

2. Dziwani kumene ali ndi khomo lolowera

Funsani ngati ali pa limandi, ndiko kuti mlandu sunathe akungosungidwa, kapena anagamulidwa kale. Kuno akhoza kukhala kundende ya pa boma ku Thyolo, ya Mulanje, ku Makande, kapena ku Bvumbwe kumene kumakhala achinyamata, ndipo ena amasamutsidwira ku Chichiri kapena ku Zomba. Ngati sanakwane zaka 18 nenani msanga ndipo bweretsani umboni olo buku la sikelo, mwana sayenera kukhala pamodzi ndi akuluakulu. A PASI amene amayenda m'ndende kufotokozera akaidi zamalamulo, ndi a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu amene sangakwanitse loya, angakuuzeni ngati pali mpata wa belo kapena, pa mlandu waung'ono, chilango chogwira ntchito kudera m'malo mokhala mkati.

Ngati ndinu gulu, lembani kalata kwa bwana OC, mkulu wa ndendeyo, musangotulukira ndi ng'oma ndi masupika. Dziwananinso ndi abusa a ndende komanso ofesala woona za umoyo wa akaidi. Pali wina amene anthu amamuiwala: nyapala, mkaidi amene amayang'anira anzake m'selo. Usiku geti likatsekedwa amene amaona kuti uyu akunjenjemera, uyu sakudya, ndi iyeyo.

3. Zimene mukumutengera

Chakudya cha mkati nthawi zambiri ndi kamodzi patsiku, nsima ya nyemba kapena nandolo. Munthu wanjala chibaba chimamukula. Chibaba ndi chija chimamugwira wosuta kapena wakumwa mpaka kulephera kuganiza china. Nde mtedza, usipa, nthochi, mapeyala nyengo yake, izi zimathandiza kuposa mmene mukuganizira. Koma bweretsani zochepa pafupipafupi, osati thumba lalikulu kamodzi pa miyezi itatu, chifukwa mkatimo sopo, shuga ndi fodya zimagwira ntchito ya ndalama, ndipo tisanamizane, chamba chimapeza njira yolowera m'ndende. Mukayamba kulandira mafoni pa nambala yachilendo, tumizani ndalama mwachangu ndili pamavuto, musatumize kaye, pitani mukamuone maso ndi maso. Kawirikawiri imakhala ngongole ya fodya.

4. Kacheze, osakalalikira

Nthawi yoona mkaidi ndi yochepa, phokoso lili tho, nde anthu ambiri amaithera pa "tinkakuuza iwe" ndi "wachititsa manyazi mtundu". Zimenezo amazidziwa kale, amagona nazo. Munthu mukamukankha amayamba kuteteza mowa wake, mumva akuti inuyo simudziwa mavuto anga.

Funsani mafunso nkukhala chete. Mowa unkakuthandiza chani? Funso ili anthu amaliopa koma nde lofunika, chifukwa yankho lake likuuzani chimene muyenera kukonza. Wina ati ndinkafuna kugona, wina ati msana ndikachoka kothyola tiyi, wina ati kunyumba kunalibe mtendere, wina chichokereni maliro a mwana. Kenako: unakulanda chani? Muloleni awerenge yekha, njinga, mbuzi, ntchito, banja. Akanena yekha zimalowa, mukanena inu zimakhala zotukwana.

Lina limene timagwiritsa ntchito ndi ili: kuyambira 0 mpaka 10, kufuna kwako kusiya kuli pati? Akati 4 musati bwanji osafika 10. Funsani kuti bwanji 4 osati 1. Apo amayamba kutchula zifukwa zake zosiyira, mwana ali sitandade 8, amayi akukalamba, ndipo zifukwa zimenezo muzilembe mukafika kunyumba, mudzazifuna patsogolo.

Ngati ndi bambo anu kapena apongozi musawalankhule ngati mwana chifukwa avala yunifolomu ya ndende. "Bambo, inu mukuona kuti tingatani" imatsegula pakamwa kuposa kuwawerengera milandu. Ndipo akakulonjezani misozi ili mbwembwembwe kuti sindidzalawanso mpaka imfa, landirani koma musamangepo nyumba. Pafupifupi aliyense amalonjeza choncho ali mkati, ndipo amanena zoona za tsiku limenelo.

5. Yang'anani matenda ena amene abisala kuseri

Ngati amamwa ma ARV kapena mankhwala a TB, achipatala a kundende adziwe sabata yomweyo, bweretsani buku lake lakuchipatala. Anthu a mowa ambiri amakhala anadumphitsa kale mankhwala, ndipo mankhwala a TB ndi mowa zonse zimalemetsa chiwindi.

Chinanso, masabata akadutsa mowa ndi chamba zitachoka m'thupi koma munthu akumvabe mawu olankhula naye, akuti anthu akufuna kumupha, kapena wangoti ndwii osadya osalankhula, pamenepo pali matenda a maganizo amene amafuna mankhwala awoawo. Pa chipatala cha boma pamakhala namwino kapena dokotala woona za maganizo, ndipo zikakula amatumiza ku Zomba Mental. Akangotchula zodzipha, olo mwanthabwala, uzani oyang'anira ndende musanatuluke pageti. Pemphero pitirizani, ife timapemphera nawo sabata ndi sabata, koma lisalowe m'malo mwa chipatala.

6. Apeze chochita ndi anzake oyenda nawo

Tsiku la m'ndende ndi lalitali. Mulimbikitseni alowe sukulu ngati ilipo, akaidi amalemba mayeso mpaka a MSCE ali mkati, kapena ukalipentala, kusoka, kumunda, kwaya, mpira, chilichonse. Magulu amene mumayendera ndende, yambitsani kagulu ka anthu osaposa 10 okumana tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse, aliyense anene za iye mwini, zonenedwa zisatuluke, ndipo wotsogolera akhale mkaidi mnzawo amene anadutsamo. Inu mukhale kumbuyo. Mukamagawa sopo pa kagulu komweko mudzaza chipinda ndi anthu a sopo, gawani tsiku lina.

7. Kutuluka

Apa nde ndikhalitsepo, chifukwa mabanja ambiri amalimbikira zonse zapamwambazi nkudzagwa pa sabata imodzi yokha. Yambani kukonzekera kutatsala miyezi itatu.

Dziwani tsiku lenileni. Mkaidi wakhalidwe labwino amachotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake, nde amene anagamulidwa miyezi 18 akhoza kutuluka itakwana 12. Mabanja ambiri amawerenga zimene ananena a majisitireti basi, kenako amangomva kuti munthu uja amuona dzulo pa Luchenza ali thapsa. Komanso pa 6 July, pa Khirisimasi ndi pa Pasaka mtsogoleri wa dziko amakonda kukhululukira akaidi ena, nde nyengo zimenezo khalani tcheru. Funsani ku ofesi ya ndende akuuzeni tsiku.

Kenako funso limene aliyense amalizemba: akafikira kuti? Kuno ambiri tili pa chikamwini, bambo amakhala kwa mkazi. Munthu amene anamangidwa chifukwa chogulitsa mbuzi ya apongozi kapena kumenya mkazi ataledzera, mukuganiza kuti malo ake akumudikira? Mwina mkazi anatopa, mwina alamu ake analumbira kuti asadzapondenso. Kwawo nako mwina munda anagawana alongo ake, poti malo kuno ndi ochepa. Munthu akafika nkupeza kuti uku sakumufuna uko alibe pogona, malo okhawo amene amamulandira ndi manja awiri ndi pa kachasu. Nde itanani ankhoswe a mbali zonse, mwini mbumba, ngati nkotheka ndi amfumu, mukambirane iye asanatuluke, ndipo zimene mwagwirizana mukamuuze ali mkati momwemo kuti akwiyire konko, asadzazimvere pakhomo.

Ngati wolakwiridwa ndi mkazi wake kapena ana, mawu omaliza ndi a mayiyo. Musamukakamize kulandira munthu amene anamuthyola dzanja chifukwa choti abusa ati wasintha. Akafikire kwa achimwene ake kaye miyezi ingapo, aonetse ndi zochita. Mayiyo adziwe kumene kuli ofesi ya Victim Support, yothandiza ochitiridwa nkhanza, ku polisi, ndipo akhale ndi nambala ya wa polisi ya m'mudzi.

Pali nkhani ina yowawa: nyumba zina zimadya ndalama ya kachasu yemweyo. Mayi anatsala yekha ndi ana, anayamba kutcheza kuti apeze fizi ndi ufa, ndipo sindingamuweruze. Koma munthu amene akulimbana ndi chibaba sangagone m'nyumba imene kuseri kukutuluka fungo la kachasu ndipo makasitomala ali pakhonde kuyambira m'mawa. Sizitheka. Kaya bizinesi isinthe, zitumbuwa, tomato, nthochi zopita ku Limbe, ndipo apa nde pamene mpingo ndi banki mkhonde zingathandize ndi mpamba weniweni osati mawu okha, kaya iye akakhale kwina. Sankhani chimodzi, osanamizira kuti vutoli palibe.

Fufuzaninso ngongole zimene anasiya kumalo omwera. Zing'onozing'ono kalipireni inu, iye asapiteko. Munthu amapita ndi mtima wabwino kuti ndikangobweza ndalama ya eni, amayi ogulitsa mowa aja nkumuthirira ka "takulandirani", basi zathera pomwepo.

Tsiku lotuluka pitani mukamutenge pageti m'mawa. Osamutumizira ndalama ya thiransipoti pafoni. Kuchoka pa boma kukafika kumudzi adutsa pa Chitakale kaya pa Chonde kaya pa Goliati, ndipo paliponse pali mnzake wakale amene akufuna kumugulira. Apite munthu amene iye amamulemekeza, amalume kapena mkulu wa mpingo, mukwere limodzi mpaka pakhomo. Kunyumba iphani nkhuku, phikani thobwa losasasa, koma mowa usaoneke, ndipo amene amamwa m'banjamo tsiku limenelo akamwere kutali.

Muuzeni mosabisa kuti thupi lake lasintha. Asanamangidwe mwina ankamaliza botolo lonse nkuyenda bwinobwino, pano patapita miyezi osalawa mlingo womwewo ukhoza kumugwetsa, kusanza ali chigonere nkutsamwa, makamaka akapatsidwa mutu, kachasu woyamba kutuluka uja amene amakhala waukali kwambiri. Ena amati kunena zimenezi nkumupatsa chilolezo. Ine ndimati bola adziwe. Ndipo mukadzamupeza waledzera chikomokere, mugonekeni chammbali osati chagada, ndipo ngati sakudzuka thamangirani kuchipatala.

Ndalama yoyamba ndi yoopsa kuposa anzake. Akapeza ganyu kapena akalembedwa kothyola tiyi nyengo ya mvula, tsiku la malipiro lidziwike kwa onse, ndipo mugwirizane ali bwinobwino kuti ndalama izisungidwa ndi ndani, kaya pa Mpamba kapena Airtel Money ya mkazi wake kaya ya mlongo wake, iye nkutsala ndi yochepa ya m'thumba. Chikhale chogwirizana osati cholanda, chifukwa mukamulanda ngati mwana ayamba kubisa. Tsiku lolandira wina amuperekeze kumsika agule ufa, sopo, feteleza ngati ikukwana, ndalama isanduke katundu dzuwa lisanalowe. Zomugulira njinga yamoto ya kabaza mwezi woyamba ine ndimakana, ndalama ya m'manja tsiku lililonse pa siteji pomwe pali mabala, ndi moyo wa anthu kumbuyo kwake. Dikirani kaye miyezi ingapo.

Madzulo nde nthawi ya chibaba, kuyambira cha m'ma 4 koloko mpaka mdima. Chibaba chimakwera nkutsika chokha, nthawi zambiri sichitha ola, nde chofunika ndi choti nthawi imeneyo akhale ndi chochita ndi munthu woti amuimbire. Kudimba, kwaya, bawo ya pakhomo osati ya pa bala. Apezeke munthu mmodzi, mmodzi yekha, amene wavomera kuti olo usiku foni ayankha. Zifukwa zija munalemba pa nambala 4 zitulutseni apa.

Sabata yoyamba yomweyo mupite naye kuchipatala ndi kalata yosamutsira ma ARV kapena a TB ngati amamwa, ipempheni kundende asanatuluke chifukwa kubwereranso kukaitenga nkovuta.

8. Akadzamwanso

Ambiri amaterereka kamodzi kapena kangapo asanaime, nde gwirizanani pasadakhale chochita. Akamwa tsiku limodzi musamuyankhule ali woledzera, dikirani m'mawa, funsani kuti zinayamba bwanji, anali ndi ndani, ndalama anaitenga kuti, nkutseka mpata umenewo. Kumuthamangitsa tsiku lomwelo kumasandutsa tsiku limodzi kukhala mwezi. Koma akakweza dzanja pa munthu zimenezo ndi za apolisi, mowa si chowiringula.

Osamuthirira mankhwala mobisa m'chakudya kapena mu mowa kuti azisanza, kaya a kwa asing'anga kaya ogula pamsika. Simudziwa chimene chili mkatimo, chiwindi chake ndi chotopa kale, ndipo akadzazindikira sadzadyanso cha m'manja mwanu.

Ngati wabwerera kumwa tsiku ndi tsiku kwa masabata, musamutsekere m'nyumba kuti asiye mwankhanza, kunjenjemera ndi kugwa kuja kumabweranso ndipo kumakula ulendo uliwonse. Pitani naye ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Mulanje, kaya ku Malamulo kaya ku Mulanje Mission ngati nkumene kuli pafupi. Amene angakwanitse ulendo, a Saint John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandiza anthu a mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, imbani kaye mufunse za malo ndi mtengo musanakwere basi. Pa chipatala cha boma mukafika nenani kuti mukufuna woona za maganizo, tengani buku lake, ndipo alowe naye munthu amene amadziwa mamwedwe ake, chifukwa mwini wake adokotala akamufunsa amati timabotolo tiwiri basi, pa Loweruka pokha.